Ulemu wa pa dooko

Ku Malingunde, komwe Damu la Kamuzu limasunga madzi omwe anthu a mumzinda wa Lilongwe amamwa, aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti pamtsinje pali dooko la amayi ndi dooko la abambo, ndipo mwamuna akamayandikira amaodira ali patali. Kulekanitsa anthu posamba sikunali kwa ife tokha. Ku Britain, m'magombe a Scarborough, Margate ndi Brighton, akazi ankavulira m'tinyumba ta matabwa tokhala ndi mateyala, tomwe mahatchi ankatikokera m'nyanja kuti amuna asawaone. Mu 1901 tauni ya Bexhill inalola amuna ndi akazi kusambira pamodzi, ndipo pang'onopang'ono tinyumba tija tinatha ntchito. Kwathu kuno, lamulo la Decency in Dress Act la 1973, mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa mawondo, koma m'malo ochezera alendo kunyanja silinkaluma. Mlendo ankayenda ndi kabudula ku Senga Bay, pobwerera ku Lilongwe n'kumanga chitenje. Lamuloli linachotsedwa mu 1993, komabe mu Januwale 2012 mavenda ena anavula akazi ovala mathalauza ku Lilongwe ndi Blantyre, akuti poteteza chikhalidwe. Ine ndikuti anaphonya. Makolo athu udindo wodziletsa ankauika pa mwamuna wodutsa, osati pa mayi yekha. Amene akufuna kuteteza mwambo ayambe waphunzitsa anyamata ake zimenezi asanayeze kutalika kwa siketi ya mwana wa mnzake.

Mlembi wa pa Mitundu