Tiyi Wosapita pa Moto

M'nyengo ino ya chilimwe tafuna tikambirane za mlendo amene waloŵa m'nyumba zathu osaodira. Mwana wathu wamkazi atabwera ku tchuthi kuchokera ku koleji, anatenga jagi, nathiramo masamba a tiyi ndi madzi ozizira, naiika mu firiji. Mayi ake anadabwa nati, "Kodi makala atha, mwanawe?" Iye anayankha mwaulemu kuti, "Iyayi Amayi, tiyi ameneyu sapita pa moto. Mudzalaŵa maŵa." Kutacha tinalaŵadi, ndipo tivomereze kuti anali wokoma. Koma funso limodzi linatsala mumtima mwathu: kodi madzi aja anatungidwa kuti?

Tiyi wozizira ali pa mitundu iŵiri, ndipo ambiri amaisokoneza. Woyamba ndi amene pa Chingerezi amati iced tea. Ameneyu amafulidwa ndi madzi oŵira monga tidazoloŵera, masamba nakhala m'madzimo mphindi 3 mpaka 5, kenaka amasefedwa, naziziritsidwa ndi ayisi. Popeza ayisiyo akasungunuka amasukulutsa tiyi, ofula amachulukitsako masamba. Chizoloŵezi chimenechi chidakula ku America, kumene mabuku a zophikaphika ankachitchula kale m'zaka za m'ma 1870, ndipo chidatchuka kwambiri pa chionetsero chachikulu cha mumzinda wa St. Louis mu 1904.

Wachiŵiri ndi uja wa mwana wathu, amene amati cold brew. Masamba okwana supuni zazing'ono 4 amaviikidwa mu lita imodzi ya madzi ozizira, nasiyidwa mu firiji maola 8 mpaka 12. Anthu a ku Japan amafula tiyi wawo wobiriŵira mwa njira imeneyi m'nyengo yotentha, ndipo amaitcha mizudashi.

Tsono kusiyana kwake kwagona pa moto. Madzi oŵira amatulutsa msangamsanga zonse za m'tsamba: mtundu wofiira uja umene tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo amadziŵika nawo, fungo lamphamvu, kafeini amene amathamangitsa tulo, ndiponso tanini, amene amaŵaŵa ndi kumata lilime ngati nthochi yosapsa. Tiyi wotereyu akazizira, kaŵirikaŵiri amachita mbuu, chifukwa kafeini ndi tanini zimagwirana. Sikuti waonongeka ayi. Madzi ozizira, m'malo mwake, amakoka pang'onopang'ono, nasiya tanini wambiri m'masamba momwemo. N'chifukwa chake tiyi woviika amakhala woyera mbee, wosaŵaŵa, womweka ngakhale wopanda shuga. Woyamba uja mumamwa ola lomwelo. Wachiŵiriyu afuna kudikira usiku wathunthu. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa nkhani ya shuga, woviika ndiye wapambana. Chakumwa chikazizira, lilime silimva kutsekemera msanga, motero dzanja limabwerera ku mbale ya shuga kaŵiri katatu, makamaka pofuna kubisa kuŵaŵa. Tiyi wozizira wa m'mabotolo a m'sitolo nayenso nthaŵi zambiri amakhala ndi shuga wochuluka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza mu 2015 kuti shuga wotere achepe, ndipo kwa munthu wamkulu malire ake ndi pafupifupi magalamu 50 pa tsiku, ndiye kuti supuni zazing'ono 12, kuŵerengera pamodzi wa m'phala, m'mandasi ndi m'zakumwa zonse.

Koma moto uli ndi ntchito ina imene sitiiganizira. Tiyi wa m'maŵa wakhala akutchinjiriza mabanja athu mwakachetechete, chifukwa madzi akaŵira, tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi kutsekula m'mimba timafa. Wofula tiyi ndi madzi osaŵiritsa wachotsa mlonda ameneyu pakhomo. Masamba a tiyi sayeretsa madzi, ndipo firiji siipha tizilombo, imangotichedwetsa kuswana. Ngakhale tiyi wofula pa moto akhoza kudwalitsa munthu ngati ayisi wake adapangidwa ndi madzi a pa chitsime chosatetezedwa. Sitinaiŵale mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno. Ambiri a ife tidaperekeza maliro.

Nanga tichite chiyani? Wofuna tiyi woviika ayambe waŵiritsa madzi mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, aŵasiye azizire ali ovundikira, kapena aŵathire klorini monga momwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsira. Jagi, sefa ndi manja zikhale zotsuka ndi sopo. Tiyiyo akhale mu firiji nthaŵi yonse, ndipo amwedwe asanathe masiku aŵiri. Magetsi akazima kwa tsiku lonse, ndi bwino kungomutaya. Ayisi nayenso apangidwe ndi madzi oŵiritsa. Pamene palibe firiji, monga zilili m'nyumba zambiri, tisaviike masamba usiku wonse pa thebulo, kapena kuika botolo pa dzuŵa, pakuti madzi ofunda ndiwo munda wa tizilombo. Tifule pa moto, tivundikire, tiimike ketulo m'beseni la madzi ozizira, ndi kumwa tsiku lomwelo.

Mwana wathu tidamufunsa za madzi aja, ndipo anaŵerama, pakuti anangotunga mu ndowa ya pakhonde. Sitinamukalipire. Madzulo ake mayi ake anasonkha moto, iye nayeza masamba, ndipo jagi inaloŵanso mu firiji. Inu achinyamata, bwerani nazo zatsopano zimene mwaphunzira. Inu makolo, musafulumire kuzinyoza. Koma nonse, madzi ayambe apita pa moto.