CHINGEREZI CHA PA MALIRE: Mawu akuti "straddle"

Mawu a sabata ino ndi "straddle", ndipo amatchulidwa ngati "sitirado". Tanthauzo lake ndi kukhala kapena kuima pa chinthu mwendo wina uku, wina uko, chinthucho chili pakati. Achipwitikizi amati "escarranchar-se".

Mnyamata wokwera bulu amakhala motero. Wokwera njinga yamoto nayenso amakhala motero. Koma mayi wovala chitenje amene wakhala cham'mbali pa kaliyala wa njinga, miyendo yonse mbali imodzi, sanachite "straddle". Wolumpha ngalande nayenso sanachite, pakuti mawuwa amafuna kuti miyendo ikhale mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Zikakhala kuti zinachitika kale amati "straddled". Chinthu chokhalidwacho chimatsatira pompo, popanda kamawu kena pakati: "He straddled the donkey", ndiye kuti anakhala pa bulu mwendo uku ndi uku.

Tanthauzo lachiwiri ndi limene anthu a ku Angónia ndi Tsangano amalidziwa bwino ngakhale asanaphunzire Chingerezi. Mudzi, munda kapena msika umene uli mbali zonse ziwiri za malire amaunena ndi mawu omwewa. Pa Lizulu msewu waukulu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu ndiwo malire: wogulitsa mbatatesi ali ku Mozambique, wogula ali ku Malawi. Nyuzipepala ya Chingerezi ingalembe kuti "The market straddles the border". Malirewa anachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la chaka cha 1891, limene linadula pakati pa abale. Achewa ali m'maiko atatu, Mozambique, Malawi ndi Zambia, pansi pa Kalonga Gawa Undi mmodzi.

Ku America, wandale wokana kusankha mbali pa nkhani amati akuchita "straddle the fence", kukhala pamwamba pa mpanda. Akuluakulu akuno anamuona kale munthu wotere: mapanga awiri avumbwitsa.

Chenjezo lipite kwa amalonda owoloka pa Calómuè ndi pa Zóbuè. Pali mawu ena ofanana kamvekedwe, "strangle", amene ndi kufinya munthu pakhosi. Wofuna kuuza wapolisi kuti mwana anakhala pa njinga asasokoneze awiriwa, angagone m'chitokosi chifukwa cha lilime.

Mawu a sabata yamawa ndi "smuggle".