Batire ikadzaza, dzuwa lotsalalo lipite kuti?

Chilala cha 2024 chinatisiyira chinthu chimodzi chimene sitinachipemphe: masola. Madzi atachepa ku Kariba, malaiti n'kumazima mpaka maola 21 pa tsiku m'madera ena, aliyense amene anali ndi kangachepe anathamangira kugula mapanelo. Lero ali pa madenga a mashopu, malodji, matchalitchi, maofesi a mabungwe ndi nyumba zina za ku Kalongwezi ndi ku Moth. Koma pali chimene ogulitsa sola sakonda kunena. Tsiku la dzuwa lenileni, monga mu Seputembala kapena Okutobala, batire imadzaza masana asanathe. Ikadzaza, makina amangosiya kukoka moto ku mapanelo. Dzuwa likuswabe mtengo, mapanelo ali pomwepo, koma mphamvuyo ikupita pachabe, kupatula kwa ochepa amene analumikizidwa kuti azigulitsa yotsala ku ZESCO.

Pa nthawi yomweyo, ma 13 hours, makompyuta a mu ofesi ali chiyakire, eni ake apita kukadya nsima. Ganizo langa ndi lakuti zinthu ziwiri zotayikazi, dzuwa ndi kompyuta yongokhala, tizipereke kwa asayansi.

Amene munakulirako kumudzi mukudziwa dima. Munda ukakula kuposa mphamvu za mwini wake, amaitana anthu, aliyense atenga mzere wake, pofika madzulo munda watha. Asayansi ena ali ndi masamu amene kompyuta imodzi ingatenge zaka mazana kuti iwamalize. Amawadula tizidutswa ting'onoting'ono n'kutumiza pa intaneti kwa aliyense amene wavomera. Kompyuta yanu ilandira kachidutswa, iwerengera pamene inu simukuigwiritsa nchito, ibweza yankho, itenganso kena. Nthawi zambiri kachidutswa komweko amakatumizanso kwa munthu wina, kuti mayankho awiri akasiyana adziwe kuti pena palakwika. Pulogalamu imene ambiri amagwiritsa nchito ndi BOINC, yaulere, yochokera ku yunivesite ya California ku Berkeley. Kusiyana kwake ndi dima n'kwakuti kuno kulibe thobwa kapena mowa pomaliza. Amakupatsani mapointi, ndipo mapointiwo sagula ngakhale chitumbuwa.

Si za lero izi. SETI@home inayamba mu 1999, anthu mamiliyoni n'kumathandiza kusefa mawu a wailesi ochokera kumlengalenga pofuna kumva ngati kuli zamoyo zina zanzeru. Inasiya kugawa nchito mu Malichi 2020 isanamve aliyense. Chaka chomwecho korona itavuta, anthu ochuluka analowa mu Folding@home, imene imafufuza mmene mapuloteni amapindikira, moti mu Epulo mphamvu yake inaposa ya makompyuta 500 aakulu kwambiri padziko ataphatikizidwa. Ena mwa makina amenewo anali a anthu osewera magemu.

Zimenezo n'zosangalatsa kumva, koma chimene chimandikhudza ine ndi mndandanda wa mavuto amene anthu akunja akhala akuwerengera pa makompyuta a m'zipinda zawo. Kuyambira mu 2006 mpaka 2016 kunali malariacontrol.net, ya Swiss Tropical Institute ku Basel, imene inkayerekezera mmene malungo amafalikira komanso mmene maneti, mankhwala ndi katemera zingawachepetsere. Pa World Community Grid, imene IBM inayambitsa mu 2004 ndipo kuyambira mu 2022 ili m'manja mwa Krembil Research Institute ku Toronto, panadutsa FightAIDS@Home, GO Fight Against Malaria ndi Help Stop TB. Malungo, HIV, TB. Pitani ku Chipata Central kapena ku Mwami mukaone mzere wa odwala, mudzapeza kuti ndi matenda omwewo.

Ndiye pali Africa Rainfall Project, imene yunivesite ya Delft ku Netherlands inayambitsa mu 2019. Iyi ndiyo yathu yeniyeni. Mvula ya kuno mukuidziwa. Imatha kugwa yamkuntho ku Mchini, madzi kusefukira m'ngalande, pamene ku Kapata anthu akuyanika zovala. Imabwera ndi mitambo ya mabingu imene imabadwa masana n'kutha madzulo, pa dera laling'ono. Makompyuta olosera nyengo ya dziko lonse amadula mapu m'mabokosi a makilomita ambiri, ndiye mtambo wotere umagwera pakati pa bokosi osaoneka. Kuti uoneke pamafunika mabokosi a kilomita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo masamu ake amachuluka koopsa. A ku Delft anadula Africa ya kumwera kwa Sahara m'zigawo zoposa 35,000 n'kuzigawira anthu odzipereka, kuti ayerekezere mvula ya chaka chathunthu, kenako aifananize ndi imene inagwadi.

Kwa mlimi wa ku Kasenengwa kapena ku Vubwi nkhaniyi si yamasewera. Mvula yoyamba ikagwa ayenera kusankha: ndibzale nshawa lero kapena ndidikire? Akabzala, mvula n'kudula milungu iwiri, mbewu yapsera m'nthaka, ndipo ndalama yogulira ina palibe. Ambiri a ife m'tauni muno timadya chimanga chochokera kwa ambuya athu otere. Koma mitambo ya pamwamba pa minda yawo yakhala ikuwerengeredwa m'nyumba za anthu a ku Germany, Japan ndi America, amene sanaonepo nshawa ili m'munda. Ndikuwathokoza. Komabe zimandichititsa manyazi pang'ono.

Wina anena kuti, "Iwe, mayunitsi ukuwadziwa mtengo wake?" Ndipo akunena zoona. Laputopu ikamagwira nchito mwamphamvu imadya mawati pafupifupi 50. Maola 8 pa tsiku ndi mayunitsi 12 pa mwezi, ndipo kompyuta ya pa tebulo imatha kudya katatu kuposa apo. Ngati kwanu mumawerengera mita mwezi usanathe, musayese n'komwe. Ngati intaneti yanu ndi bandulo ya pa foni, samalani, chifukwa mafaelo a nchito zina, makamaka za nyengo, ndi aakulu. Foni nayo ndingati isiyeni. BOINC ilipo pa Android, koma foni yotentha usiku wonse pansi pa pilo mu Okutobala ikupha batire, ndipo kwa ambiri a ife foniyo ndiyo ofesi, ndiyo banki. Kumayiko kumene zinthuzi zinayambira munthu amapereka zotsala. Kuno zimene ena amati zotsala, kwa wina ndi chakudya cha mawa. N'chifukwa chake sindikulankhula kwa mnyamata wa ku Nabvutika amene ali ndi laputopu imodzi ya salaula. Ndikulankhula kwa amene ali ndi sola pa denga ndi Wi-Fi yolipira pa mwezi: makoleji, masukulu a sekondale amene ali ndi chipinda cha makompyuta, mabungwe, malodji, ndi inu achinyamata amene mumawakonzera makompyutawo.

Funso lina ndi lovutirapo. Kodi makompyuta makumi awiri a ku Chipata angasinthe chiyani? Pa masamu enieniwo, pafupifupi palibe. Kafukufuku adzatha kaya ife tilipo kaya kulibe. Ngakhale akatha, sikuti mankhwala amatuluka mawa lake. Kompyuta imangosankha mankhwala amene akuoneka ngati angagwire, kenako pamatsala zaka za kuyesa mu labu, ndipo ambiri amagwera m'njira. Amene angakuuzeni kuti laputopu yanu ichiritsa TB akukunamizani.

Phindu limene ndikuona lili pa munthu wokhala patsogolo pa kompyutayo. Mtsikana wa giredi 11 amene waika pulogalamuyi pa makina a kusukulu adzafunsa kuti ikuwerengera chiyani. Akafunsa, amva za mapuloteni, za mmene mtambo amausandutsira manambala, za seva imene imagawa nchito. Tazolowera kukhala ofufuzidwa: kupereka magazi, kuyankha mafunso a alendo obwera ndi mafomu pa galimoto zoyera. Kulowa m'gulu la owerengera, ngakhale pa mzere wakumapeto, ndi poyambira pofunsa mafunso athu. Ndipo mafunso tili nawo. Pa Msekera pomwepa, kunja kwa tauni, akatswiri akhala zaka zambiri akulimbana ndi matenda a nshawa komanso chuku chimene chimaika poizoni mu nshawa zosauma bwino n'kutitsekera misika yakunja. Pulogalamu ya seva ya BOINC ndi yaulere. Palibe lamulo loti yogawa nchito izikhala ku Ulaya kokha.

Chenjezo limodzi, chifukwa ndikudziwa zimene zimayenda m'magulu a WhatsApp. Pulogalamu iliyonse imene ikulonjeza kuti foni yanu "izikumba" ndalama mukugona, makamaka ikafuna kuti muyambe mwalipira kapena mubweretse anzanu atatu, si sayansi. Kafukufuku weniweni amatchula yunivesite yake, amasindikiza zimene wapeza, ndipo sakulonjezani ngwee. Komanso kompyuta ya kunchito si yanu. Pemphani chilolezo kwa abwana, ndipo makina amene amasunga za odwala kapena za ndalama musawakhudze.

Akavomera, zotsalazo n'zosavuta. Mu BOINC muli malo osankha maola ogwirira nchito: ikani kuyambira 11 hours kufika 15 hours, pamene batire yadzaza ndipo dzuwa lili pamutu. Iuzeni igwiritse theka la mphamvu ya purosesa kuti makina asatenthe, iziima yokha laputopu ikachoka pa moto, ndipo ikani malire a data imene ingakoke pa tsiku. Nthawi zina mudzapeza kuti kafukufuku amene mwasankha alibe nchito yogawa, kapena maseva ake agona, ndiye ndi bwino kulembetsa awiri. Ndipo kamodzi pa mwezi tsegulani kompyutayo mupukute fumbi pa fani, chifukwa fumbi la Chipata mu Ogasiti lapha makina ambiri kuposa masamu a asayansi.