Aphunzitsi, lembani pa bolodi

Ndikuphunzitsa pa sekondale ina yoyendera ku Chitipa, m'kalasi mwanga mwa Fomu 2 munali mtsikana wodziwa zilankhulo zinayi. Kunyumba ankalankhula Chindali, ndi anzake Chitumbuka, pamsika ankanenerera mitengo m'Chiswahili ndi amalonda a ku Tanzania, ndipo Chichewa anachitola ku pulaimale. Tsiku lina ndinawerenga mokweza kandime kachingerezi n'kumufunsa zomwe wamva. Anawerama, kenaka motsitsa mawu anati: "Aphunzitsi, lembani pa bolodi."

Mawu amenewa amandiwawabe. Palibe amene anamulemberapo Chiswahili pa bolodi, chinangolowa m'khutu. Chingerezi chokha ndi chimene ankakumana nacho ndi maso, mwakuti mawu amene ankawadziwa bwino m'kope akamveka pakamwa pa munthu ankasanduka achilendo.

Ana a ku Chitipa, Karonga, Nsanje ndi Mangochi amasenza katundu wolemera kuposa anzawo a ku Dedza. Chiyambire 1968, pomwe Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, mwana wolankhula Chilambya, Chisena kapena Chiyawo amayenera kudutsa kaye m'Chichewa. Mphunzitsi akafuna kumasulira mawu ovuta achingerezi amathawira ku Chichewa, chomwenso mwanayo akuchiphunzira kumene. Onjezani apo mayeso a Chingerezi a MANEB, amene ndi a cholembera ndi pepala. Popanda kukhoza Chingerezi setifiketi ya MSCE palibe, choncho ife aphunzitsi timangolimbana ndi galamala ndi chimangirizo. Za kumvetsera timati tidzaona.

Koma anawa ali nazo kale njira zawo. Kalowereni m'nyumba yoonetsera mpira Loweruka masana. Mnyamata amene m'kalasi amakhala duu amatsatira woulutsa mpira wa ku England wolankhula mothamanga zedi. Samva mawu onse, ndipo sizimudetsa nkhawa. Amagwira dzina la wosewera, amagwira kona ndi penate, zotsalazo amalumikiza ndi zimene maso akuona. Nyimbo ya pa memore khadi amaibwereza mpaka mawu atakhazikika. Chondidandaulitsa n'chakuti mafilimu ambiri m'nyumba zomwezo ndi omasuliridwa m'Chichewa, ndiye Chingerezi cha osewerawo chimakwiriridwa ndi mawu a womasulira.

Nditaona zimenezi ndinayamba kujambula pa foni nkhani zachingerezi za pa MBC, mphindi ziwiri zokha, n'kumaziseweretsa katatu m'kalasi. Ulendo woyamba ankasaka maina a malo ndi manambala basi. Wachiwiri, wachita chiyani ndani. Wachitatu, aliyense ankafotokozera mnzake zomwe wamva, m'chilankhulo chilichonse chimene angafune. Mnzanga wina anandidzudzula kuti ndikulowetsa Chindali m'phunziro la Chingerezi. Ine ndimati mwana amene wamva nkhani m'Chingerezi n'kuifotokoza molondola m'chilankhulo cha amayi ake, wamva ndithu. Kuyankha m'Chingerezi ndi luso lina, limabwera pambuyo.

Ndinkawauzanso kuti usiku azimvera nkhani m'Chichewa kapena m'Chitumbuka pa wailesi ya kunyumba, chifukwa mitu yake imafanana ndi ya m'Chingerezi. Amene ankatero ankafika m'mawa akudziwa kale chimene khutu lizidikira.

Chakumapeto kwa teremu yachiwiri, mtsikana uja anakweza dzanja nditangoseweretsa kamodzi. Nkhani inali ya mtengo wa feteleza. Anatchula mtengowo molondola, n'kupempha kuti ndibwerezenso chifukwa dzina la nduna linamudutsa.