Wotsitsa galimoto ayambe wafunsa mtengo wa mashoko

Mwezi ukatha, m'mashopu a masipeya ku Biwi ku Lilongwe ndi ku Ndirande ku Blantyre mumafika makasitomala a mtundu wina amene ogulitsa amawazindikira asanatsegule n'pakamwa pomwe. Ndi anyamata amene anamanga masipuling'i otsitsa galimoto miyezi ingapo yapitayo. Tsiku loyamba galimoto inakhala pansi mokongola, marimu atadzaza bwino, anthu n'kumatembenuka pamsewu. Lero ikunjanja ngati ngolo ya ng'ombe ndipo kutsogolo kukugogoda pa hampu iliyonse. Abwera kudzafuna mashoko, ndipo funso lawo ndi limodzi: otchipa ndi ati?

Funsoli labwera mochedwa. Mtengo wa mashoko umayenera kufunsidwa masipuling'i asanagulidwe, chifukwa pa ntchito yotsitsa galimoto, sipuling'i ndiye katundu wotchipa. Ndalama zambiri zimapita ku chinthu chomwe sichioneka galimoto ikaima pa car wash.

Magalimoto ang'onoang'ono amene adzaza m'misewu yathu, monga Corolla Axio ndi Fielder, Vitz, Demio ndi Fit, ali ndi chomwe amakaniko amachitcha strut kutsogolo. Ndi shoko yomwe sipuling'i imakhala itavala ngati malaya, ndipo pansi pake imamangidwa ku chitsulo chogwira tayala. Kapangidweka kanatenga dzina la Earle MacPherson, injiniya wa ku America, ndipo kanatchuka ndi magalimoto a Ford Consul ndi Zephyr a ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Chofunika kudziwa apa n'chakuti strut ili ndi ntchito ziwiri. Imaletsa kunjanja, komanso ndi mwendo umene waimika tayala. Ikatha kapena ikapindika, tayala limapendekeka, chiwongolero chimasokonekera, ndipo mabuleki sagwira monga amayenera. Kumbuyo kwa magalimoto ambiri oterewa shoko ndi sipuling'i zimakhala padera, ndiye ntchito yake imapepukako.

Sipuling'i imanyamula kulemera kwa galimoto. Shoko sinyamula, imangoletsa sipuling'i kuti isapitirize kudumpha ikagunda dzenje. M'kati mwake muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo, ndipo oyiloyo akamapanikizika kudutsa m'timabowoto, mphamvu ya kudumphako imasanduka kutentha. Kufakitale anayeza timabowoto molingana ndi sipuling'i imene galimoto inabwera nayo, ndipo anayezanso kutalika kwa ndodo ya shoko kuti pisitoni izikhala chapakati, ndi mpata wopita mmwamba ndi pansi.

Munthu akamanga sipuling'i yotsitsa galimoto ndi mamilimita 35, wasintha zonsezi nthawi imodzi. Pisitoni ya strut imalowa m'kati pafupifupi mamilimita 35 omwewo, kotero mpata woti tayala likwere likagunda hampu wachepa ndi muyeso womwewo. Galimoto imayamba kukhalira pa kampira kotchinga kaja kali pamwamba pa ndodo, ndipo kampirako kakang'ambika, chitsulo chimakumana ndi chitsulo. Ndiko kugogoda kumene anyamata aja amamva. Sipuling'i yotsitsa imakhalanso yolimba kuposa yoyamba, chifukwa iyenera kunyamula kulemera komweko pa mpata wochepa. Ikafinyika imabwerera ndi mphamvu yochuluka, ndipo shoko imene inayezedwera sipuling'i yofewa siingaigwire. Galimoto imadumpha kawiri katatu pamene imayenera kukhazikika kamodzi.

Palinso vuto lachitatu limene ambiri saliganizira. Sipuling'i ikafupika kwambiri pamene strut idakali yaitali monga kale, tayala likalendewera, mwachitsanzo likagwera m'dzenje lakuya kapena galimoto ikakwezedwa pa jeke, sipuling'iyo imatha kukhwepa n'kuchoka pa mpando wake. Ikabwerera mopendekeka ikhoza kukhula tayala kapena paipi ya mabuleki. Izi si nkhani ya kukongola ayi, ndi nkhani ya moyo wa anthu amene akwera.

Tsono pamsika pali chiyani? Gulu loyamba ndi mashoko olowa m'malo mwa a kufakitale, monga KYB Excel-G, Bilstein B4 ndi ambiri a Monroe ndi Gabriel. Awa ndi amene amapezeka mosavuta, ndipo ndi katundu wabwino pa ntchito imene anapangidwira, yomwe ndi galimoto yosatsitsidwa. Pa sipuling'i yotsitsa pang'ono, mamilimita 25 kapena 30, amagwira ntchito ndithu, kungoti satenga nthawi yaitali ngati akanakhala pa sipuling'i yake. Kupitirira apo ndi kutaya ndalama. Wogula adziwenso kuti makampani ambiri salandira madandaulo a shoko ya mtundu uwu ikawonongekera pa galimoto yotsitsidwa, ndiye lisiti silingamuthandize.

Gulu lachiwiri ndi mashoko opangidwira masipuling'i aafupi. Kampani ya Bilstein ya ku Germany inasiyanitsa bwino: B6 ndi yolimba koma kutalika kwake ndi kwa galimoto yosatsitsidwa, pamene B8 ndi yofupikitsidwa dala kuti sipuling'i yaifupi ikhale yomangika nthawi zonse. Ambiri amasokoneza ziwirizi chifukwa zonse ndi zachikasu. Koni Sport ya ku Netherlands, nayonso yachikasu, ili ndi potembenuza kuti mwini ake alimbitse kapena afewetse kabwereredwe ka shoko kufikira itagwirizana ndi sipuling'i. Kwa eni Golf, Polo ndi BMW, awa ndiye mayina oyenera kuwafunsa kwa amalonda opita ku Johannesburg. Kwa eni magalimoto obwera kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam, nthawi zambiri mayina a ku Ulaya alibe nambala yokwana pa galimoto yawo, ndipo kofufuza ndi ku Japan komweko, kumene KYB imapanga mtundu wotchedwa Lowfer Sports wa magalimoto otsitsidwa. Mashoko a gulu ili sapezeka pa shelefu m'mashopu ambiri. Amachita kuitanitsa, amafuna ndalama zakunja, ndipo mtengo wake umaposa wa gulu loyamba ndi patali.

Apa ndi pamene nkhani imavutira. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense wochokera kunja wakhala akusintha mtengo mosayembekezereka, ndipo wogulitsa akatchula mtengo lero salonjeza kuti sabata yamawa udzakhala womwewo. Mnyamata amene wasonkhanitsa ndalama za masipuling'i okha amadziuza kuti mashoko adzagula mtsogolo. Mtsogolomo akamafika, mtengo wakwera, mashoko akale atha, ndipo matayala awiri akutsogolo adyeka m'kati mpaka waya. Walira mvula walira matope: amene akufuna galimoto yotsika avomere kuti ndalama yake ndi ya masipuling'i, mashoko anayi, timipira, mamaunting'i ndi alayimenti, zonse pamodzi. Ngati ndalamayo sinakwane, masipuling'i adikire m'katoni. Sawola.

Gulu lachitatu ndi la kaunjika, ma strut ochotsedwa pa magalimoto ophwasulidwa ku Japan kapena ku Dubai, amene amabwera ndi sipuling'i yake yomangidwa kale. Amalonda amawakonda chifukwa ndi orijino ndipo amatuluka msanga. Pa galimoto yosatsitsidwa, munthu wochepekedwa m'thumba akhoza kuyesa mwayi wake. Pa galimoto yotsitsidwa ayi. Palibe amene akudziwa makilomita amene shokoyo yayenda, ndipo ikupatsidwa ntchito yolemera kuposa imene inkagwira idakali yatsopano. Kuyesa kwa pamsika kuja, kokanikiza ndodo ndi dzanja n'kuona ngati ikubwerera, kumangosonyeza kuti gasi akadalimo. Sikunena kanthu za mmene shokoyo idzachitire ikatentha pa msewu wa M1, galimoto itadzaza anthu ndi matumba a chimanga. Shoko yatsopano ya mtengo wapakati imaposa shoko ya dzina lalikulu imene yatopa.

Komabe kaunjika ali ndi phindu limodzi. Nthawi zina m'mulu muja mumapezeka seti yathunthu ya shoko ndi sipuling'i zopangidwira pamodzi, zochokera pa galimoto imene mwini wake ku Japan anaitsitsa mwadongosolo. Ikakhala youma, yopanda oyilo wodontha, ndodo yake yosalala yopanda dzimbiri, ndipo zonse zinayi zikachokera pa galimoto imodzi, ndi malonda oyenera kuwaganizira. Kutenga ziwiri apa ziwiri apo ndiko kudzisokoneza.

Za katundu wachinyengo n'zodziwika kale. Dzina likatchuka, amatsanzira, ndipo KYB ndi limodzi mwa mayina amene amatsanziridwa kwambiri. Katoni ikhoza kukhala yokongola. Wogula ayang'ane chitsulo chenichenicho: nambala yosindikizidwa pa thupi la shoko igwirizane ndi ya pa katoni, kuwotcherera kwake kukhale kosalala, ndipo mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa mashopu ena onse a mumsewu womwewo, adzifunse chifukwa chake.

Ogulitsa nawonso ali ndi mlandu wawo. Yankho loti "ikwana iyi bwana" lawononga ndalama za anthu ambiri. Shoko ikhoza kukwana pa mabawuti koma osakwana pa ntchito. Wogulitsa wodziwa malonda ake amayamba wafunsa nambala ya chesisi, chifukwa dzina la galimoto palokha silikwanira. Fielder ya NZE141 ndi yoyendera matayala akutsogolo okha pamene ya NZE144 ndi yoyendera onse anayi, ndipo zida za kunsi kwake sizifanana zonse. Amafunsanso ngati galimoto yatsitsidwa, ndi mamilimita angati, ndiponso masipuling'iwo ndi a kampani iti. Masipuling'i a Eibach, H&R, Tein kapena RS-R amabwera ndi muyeso wodziwika wa kutsika kwake, ndiye kusankha shoko kumaphweka. Opanda dzina, ongopakidwa penti yofiira, palibe amene angawapezere mnzake woyenera, chifukwa kulimba kwake sikudziwika. Wogulitsa amene amafunsa mafunsowa akhoza kuluza kasitomala wothamanga lero, koma sadzakangana naye pakhomo pa shopu mwezi wamawa.

Njira yachidule ya m'magalaja ena, yodula sipuling'i ndi galayinda kapena kuitentha ndi moto wa gasi kuti ikhale pansi, ilibe shoko imene ingaikonze. Moto umapha kulimba kwa chitsulo, ndipo sipuling'i yodulidwa nthawi zambiri sikhalanso bwino pa mpando wake. Amene anachita zimenezi ayambe wagula masipuling'i ena asanawononge ndalama pa mashoko.

Nanga ndi kutsika kotani kumene kuli kwanzeru kuno? Opanga masipuling'iwa amayesera katundu wawo pa misewu ya ku Germany ndi ku Japan. Kuno galimoto imachoka pa tala n'kulowa m'fumbi kupita ku Chinsapo kapena ku Mbayani, imawoloka mahampu a pa matrading'i senta amene ena anamangidwa ngati mizere ya mbatata, ndipo mvula ya January ikagwa maenje amabisala pansi pa madzi. Pa misewu yotere, mamilimita 25 mpaka 30 ndiwo malire kwa galimoto imene imagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwa 30 ndi 45 pa maso n'kochepa, koma pa sampu ya injini ndi pa ekizozi n'kwakukulu. Galimoto ya takisi kapena yonyamula katundu wa bizinesi isatsitsidwe n'komwe, popeza kulemera kwa anthu kumaitsitsa kale. Amene ali ndi galimoto yachiwiri yongoyendera Loweruka m'tauni akhoza kutsika mmene angafunire, bola agule shoko yofupikitsidwa.

Pomanga, mashoko amasinthidwa awiriawiri, kumanja ndi kumanzere tsiku limodzi, ndipo ma strut ambiri akutsogolo ali ndi nambala yosiyana ya kumanja ndi ya kumanzere. Popeza strut yatsitsidwa kale ndipo makaniko walipidwa, ndi nthawi yabwino yosinthiratu maunting'i ya pamwamba ndi bering'i yake, kampira kotchinga ndi jombo yoteteza fumbi. Jomboyo imaoneka yachabe, koma m'fumbi la October ndi imene imateteza silo ya shoko kuti isadyeke. Opanga masipuling'i ena amalangiza kampira kotchinga kakafupi, ndipo pepala la m'katoni liwerengedwe lisanatayidwe. Mwini galimoto aonetsetse kuti makaniko ali ndi chida chofinyira sipuling'i. Kumanga ndi zingwe kapena mawaya kwavulaza anthu. Mabawuti a m'mabushi amangidwe komaliza galimoto itatsika pa jeke n'kuima pa matayala ake, apo ayi mabushi amakhala opotoka ndipo amang'ambika msanga.

Ikatha ntchito, galimoto ipite ku alayimenti ya makina, osati ya chingwe. Kutsitsa kumapendeketsa matayala kuti pamwamba alowe m'kati ndipo kumasokoneza kaloza kake, ndiye osakonza, tayala latsopano limadyeka mbali imodzi m'miyezi yochepa. Masipuling'i atsopano amakhazikika pang'ono akayenda masiku angapo, kotero ndi bwino kupangana ndi a galaja kuti adzayezenso pakatha milungu iwiri kapena itatu, ndipo mtengo wa kuyeza kwachiwiriko ukambidwe tsiku loyamba lomwelo. Nyale zakutsogolo nazonso ziwongoledwe, makamaka ngati kutsogolo ndi kumbuyo sikunatsike mofanana.