Chiweruzo chimene chimachiritsa

Abale ndi alongo, ambiri a ife tikamva za chiweruzo cha Mulungu timangoganiza za moto ndi kukukuta mano. Koma Ayuda, amene anasunga Chipangano Chakale zaka mazanamazana ife tisanachione, amaimva nkhaniyi mwa njira ina, ndipo tili ndi chophunzira kwa iwo.

M'mwezi wawo wa Tishri, umene umagwa mu September kapena October, Ayuda amaliza lipenga la nyanga ya nkhosa pa tsiku la Rosh Hashanah. Amakhulupirira kuti pa tsikuli Mulungu amayesa ntchito za anthu onse. Komabe mlandu sugamulidwa pomwepo. Pamakhala masiku 10 oti munthu adziyese ndi kulapa, kufikira Yom Kippur, Tsiku la Chitetezero lofotokozedwa pa Levitiko 16, pamene amasala kudya ndi kumwa pafupifupi maola 25. Woweruza amene amapereka nthawi yotere asanagamule akufuna kuti wolakwayo apulumuke.

Zimene amawerenga m'sunagoge pa Yom Kippur zikutsimikiza zimenezi. M'mawa amawerenga Yesaya 58, pomwe Mulungu akukana kusala kwa anthu ozunza antchito awo. Iye akufuna kuti adyetse anjala ndi kuveka ausiwa, ndipo akulonjeza kuti akatero mabala awo adzapola msanga. Dzuwa likapendeka amawerenga buku la Yona, nkhani ya Nineve, mzinda umene unalapa ndipo chilango chinabwezedwa.

Aroma atagwetsa Kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70, nsembe za nyama zinatha. Arabi anaphunzitsa anthu kudza kwa Mulungu ndi kulapa, pemphero ndi kuthandiza osauka. Buku la Mishna, losonkhanitsidwa cha m'ma 200, limapitirira pamenepo. Limaphunzitsa kuti tsikuli limafafaniza zimene munthu walakwira Mulungu, koma zimene walakwira mnzake zimakhalapobe kufikira atapita kukamupepesa. N'chifukwa chake tsikuli lisanafike Myuda wopembedza amafunafuna amene anawalakwira, kubweza zimene anatenga ndi kupempha chikhululukiro. Wolakwiridwa nayenso amachenjezedwa kuti asaumitse mtima.

Ife tikuti chiphunzitso chimenechi n'choona, ndipo chikutitsutsa. Timavomereza machimo m'tchalitchi Lamulungu lililonse ndi kuyandikira ku Mgonero, pamene katundu wa mayi wamasiye amene tinalanda akadali m'nyumba mwathu, ndipo mtsikana wotigwirira ntchito sanalandire malipiro a miyezi iwiri. Wina adzati chisomo n'chaulere. Inde n'chaulere, koma Ambuye Yesu, amene anakulira m'Malemba omwewa, anaphunzitsa pa Mateyu 5:23-24 kuti kuyanjana ndi m'bale kuyambe, chopereka chitsatire. Makolo athu anati mlandu suwola. Kuyimba mokweza sikuuchotsa.

Patangopita masiku asanu kuchokera pa Yom Kippur, Ayuda amayamba Sukkot, Chikondwerero cha Misasa, nyengo yachimwemwe ya masiku asanu ndi awiri. Dongosololi lili ndi tanthauzo: kudziyesa kuyambe, kuyanjana kutsatire, kenaka phwando. Ife timafuna phwando tisanatsuke chilonda.

Tisanapite kukapembedza sabata ino, aliyense akumbukire dzina limodzi la munthu amene anamulakwira. Tikagogode pakhomo pake, tibweze chake, tipepese ndi pakamwa pathu. Mulungu atipatse mtima wodzichepetsa.