Malonda ndi m'maso, koma maso a yani?

Akuluakulu adati malonda ndi m'maso, ndipo akalipentala a pa Namitete mwambiwu adaugwiritsa: mipando ndi matebulo amaziyala m'mphepete mwa msewu wa ku Mchinji. Komatu kuyala kokha sikugulitsa. Mnyamata woyamba kumene ntchitoyi adzifunse kaye: wogula ndani, nanga ndalama amakhala nazo liti?

Mlimi wa ku Kabudula sagula bedi mu Febuluwale, nkhokwe ili pululu. Amagula akagulitsa fodya wake ku Kanengo, kuyambira cha mu Epulo. Choncho matabwa agulidwe msanga kuti aume, katundu akhale atakonzeka pofika Meyi.

Wapagalimoto wochokera ku Lilongwe ndi wina. Iyeyu amaima pamene waona chachilendo. Mipando khumi yofanana, ngakhale inyezimire ndi vanishi, amangoidutsa.